Kapeti ya timipira ta ulusi: ulusi ukungosololoka, ndithandizeni

Naphiri (Kasungu boma)
Mwaswera bwanji amayi ndi abambo apagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya ntchito zamanja, ndikufuna nzeru zanu. Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 4, ndipo mwezi wathawu tamusamutsira kuchipinda kwa mkulu wake. Vuto ndi pansi. M'chipindamo ndi pa simenti, ndiye kuzizira kwa June kuno mukukudziwa, akadzuka m'mawa amakana kutsika pabedi, amati pansi pakuluma. Ndinayala mkeka koma ukumangothawathawa akauponda. Tsono ndinaona chithunzi pa Facebook, kapeti yopangidwa ndi timipira ta ulusi tokhatokha, tija timakhala pamwamba pa chipewa cha khanda, ena amati ma pom-pom. Mtima wanga unagwa pomwepo. Ndapanga timipira 12 toyesera. Pamaso tikuoneka bwino, koma ukangokoka pang'ono ulusi ukusololoka. Dzulo mwana anatenga kamodzi kukaseweretsa, pofika madzulo nyumba yonse tiulusi mbwee. Ndikulakwitsa pati? Chachiwiri, kunsi kwake ndiikeko chiyani? Kaukonde ka pulasitiki komwe amangirirapo pachithunzipo sindinakaone m'mashopu muno.

Nabanda (Santhe)
Taswera bwino achemwali. Musataye mtima, tonse tinayambira pomwepo. Ndifunse kaye, pakati mukumanga ndi chiyani?

Naphiri (Kasungu boma)
Ndi ulusi womwewo amayi. Ndimakulunga pa zala zinayi, ndikuvula, n'kumanga pakati, kenako ndimadula m'mbali.

Nabanda (Santhe)
Ndiye vuto lagona pamenepo. Kampira kameneka kalibe china chokagwira koma mfundo imodzi yapakatiyo. Mukadula m'mbali muja, tiulusi tonse timasanduka tidutswa, palibe kolumikizana ndi kanzake. Mfundo ikangolekerera pang'ono basi, titha kutuluka kamodzikamodzi mpaka kampira kutha. Tsono ulusi wolukira majuziwu umatanuka. Mukaukoka mwamphamvu umaduka, mukaukoka mounyengerera sugwira. Ine pakati ndimamanga ndi ulusi wosokera nsapato, ukasowa ndimatenga uja wakuda wosokera mawivi kusaluni, ndimaupinda pawiri.

Kamangidwe kake ndi aka. Zungulizani ulusiwo kawiri pakati. Pomanga mfundo yoyamba, nsonga muipise kawiri m'malo mwa kamodzi, mukatero mfundoyo siibwerera m'mbuyo pamene mukukonzekera yachiwiri. Kokani mpaka ulusi ulembe mizere m'zala. Tembenuzani, mangeninso kuseri chimodzimodzi. Mukakanikiza pakati pazimveka gwa ngati muli nthanga. Sizasi ibwere pambuyo pa zonsezi, osafulumira nayo. Nsonga za ulusi womangirawo zisiyeni zazitali ngati chikhatho chanu, ndi zomwe mudzamangirire pa chakunsi.

Nangozo, telala (Chinkhoma)
Zoona zimene anena amayi Nabanda. Ndionjezepo kuti dyera la kampira konenepa limapweteketsanso. Mukakulunga ulusi wambiri kuposa mphamvu ya manja anu, mfundo imangogwira takunja, tam'kati timatsala tomasuka. Ulusi wathu wapamsikawu ine ndimakulunga maulendo 80 mpaka 100 pa katoni, sindipitirira apo. Komanso zala zisiyeni, zidzatupa musanafike pa timipira 30. Dulani katoni yolimba, m'lifupi masentimita 8, muiboole kampata kakatali pakati kuti ulusi womangira uzidutsapo ulusi usanavulidwe. Ubwino wa katoni timipira tonse timatuluka tofanana.

Naphiri (Kasungu boma)
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayesa pompano ndi ulusi wakusaluni, ndakoka ndi mphamvu zanga zonse, kwatuluka kaulusi kamodzi kokha ka m'mphepete. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Tsono za kunsi?

Mlimi wa ku Chamama
Amayi, ine za kuluka sindizidziwa, koma chakunsi musavutike nacho muli ku Kasungu. Chiguduli chomangira mabelo a fodya chija n'cholimba, ndipo chili ndi timabowo toti singano yosokera matumba imadutsa mosavuta. Mayi akunyumba amapangira zopondera pakhomo, zimatha zaka. Msika wa fodya uli m'kati chonchi ziguduli sizisowa.

Mlangizi wa zaumoyo (Mtunthama)
Bambo, nzeru ya chiguduli ndi yabwino, koma chikhale chatsopano, chosakhudzana ndi fodya. Chomwe chinamangapo belo chimasunga fungo ndi fumbi la fodya ngakhale muchichape kawiri, ndipo apa tikunena za malo omwe mwana azikhalapo, kugonapo, mwina n'kuikapo nkhope. Chimodzimodzi matumba a feteleza ndi aja tinasungiramo chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, amenewo m'chipinda cha mwana ayi.

Mlimi wa ku Chamama
Ndamva alangizi, pamenepo sindinaganizepo. Chatsopano chimapezeka m'mashopu a zaulimi, amagulitsa pa mita.

Namwale (Kamwendo, Mchinji)
Nanga neti ya udzudzu yakutha? Ili ndi mabowo kale, mungoipinda kanayi. Ine ndinaganizapo zimenezo.

Mlangizi wa zaumoyo (Mtunthama)
Achemwali, neti ayi chonde. Maneti amene timalandirawa ndi onyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, sanapangidwe kuti mwana azikwawapo kapena kutafuna. Komanso ndanena kambiri m'midzi muno, neti ikayamba kuoneka ngati chipangizo cha ntchito zina, yabwinobwino imatsitsidwa pabedi n'kutchedwa yakutha. Ngati yangobooka pang'ono, isokeni muzigonamo.

Nabanda (Santhe)
Pa nkhani ya mphamvu yokha netiyo singapirire n'komwe. Timipira tikachuluka kapeti imalemera, makamaka ikanyowa, neti ingang'ambike pa mfundo iliyonse. Ine zomwe ndagwiritsapo ntchito ndi ziwiri: chiguduli chatsopano, ndi thumba la anyezi lija la mabowo, lochapa bwino, lopinda pawiri. Thumba la anyezi kumanga kwake n'kofulumira poti simufuna singano, koma silikhalitsa ngati chiguduli. Cha mwana wa zaka 4 wodumphadumpha, tengani chiguduli. Chinthu choyamba musanamange kampira ngakhale kamodzi, pindani m'mphepete monse n'kusoka, apo ayi chiguduli chimayamba kumasuka chokha kuchokera m'makona. Chichapeninso kaye chisanadulidwe, chifukwa chimabwerera pang'ono chikakumana ndi madzi koyamba.

Nangozo, telala (Chinkhoma)
M'mphepetemo ngati muli ndi chidutswa cha chitenje, kutirani nacho ngati mmene timachitira ndi khosi la diresi. Telala aliyense akusokerani mphindi zochepa. Kumakhala kolimba komanso kokongola mukatembenuza.

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya
Pepani ndilowerere ndi masamu, chifukwa ambiri amayamba ndi chimwemwe n'kulekera panjira ulusi utawathera. Amayi Naphiri, mukufuna yaikulu bwanji?

Naphiri (Kasungu boma)
Ndimaganiza yodzadza pakati pa mabedi awiriwo aphunzitsi, mwina mita imodzi ndi theka mulitali, mita imodzi m'lifupi.

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya
Tiyeni tiwerenge. Katoni ya masentimita 8 ikupatsani kampira ka masentimita 6 kapena 7 mukakameta. Kuti chiguduli chisamaoneke, timipira timayenera kuthinana, tinene kuti kamodzi pa masentimita 6 alionse. Mulitali masentimita 150 mulowa timipira 25, m'lifupi masentimita 100 mulowa 16 kapena 17. Mukachulukitsa mupeza timipira toposa 400. Pamene kakapeti ka masentimita 90 kwa 60, kongokwanira potsikira pabedi, ndi 15 kuchulukitsa ndi 10, timipira 150. Ndiye onani kuti mpukutu umodzi wa ulusi wanu ukutulutsa timipira tingati, mugawe, mudziwa mipukutu yofunika musanapite kumsika.

Naphiri (Kasungu boma)
Mayo ine, 400! Timipira 12 tija tinandidyera mpukutu umodzi ndi theka wa magalamu 100. Ndiye kuti yaikuluyo ikufuna mipukutu 50. Ayi, ndiyambe ndi yaing'ono.

Namwale (Kamwendo, Mchinji)
Ulusi wakwera zedi, chichokereni kugwa kwa kwacha kwa November 2023 kuja sunatsikenso. Ife kuno ena amatuma anzawo opita ku Chipata kudzera pa Mwami, koma ukaphatikiza zoyendera phindu lake silioneka pokhapokha mugule ambiri pamodzi. Ine ndinasiya kugula wa m'shopu, ulusi wanga ndi majuzi a pakaunjika. Juzi imodzi ya munthu wamkulu imatulutsa ulusi woposa mipukutu itatu. Ndimasankha zija zakutha m'zigongono zomwe anthu akuzidumpha pa mulu, mtengo wake umakhala wotsika, makamaka dzuwa likapendeka ogulitsa akufuna kulongedza.

Naphiri (Kasungu boma)
Achemwali Namwale tafotokozani bwino pamenepo, kumasula juzi sindinayesepo.

Namwale (Kamwendo, Mchinji)
Musanagule, itembenuzeni muone msoko wam'mbali. Pali majuzi omwe chigawo chilichonse chinalukidwa pachokha kenako n'kulumikizidwa, msoko wake umaoneka ngati kachingwe koluka, m'mphepete mosadula. Amenewo mukamasula msoko n'kupeza nsonga kumtunda, kuphewa kapena kukhosi, ulusi umangobwera wokha wautali mpaka pansi. Ena anachita kudula nsalu yoluka n'kusoka ndi makina a ovaloko, amenewo mzere uliwonse umatuluka kachidutswa. Olukira zipewa amawakana, koma ife a timipira sativuta kwenikweni, poti ulusiwo tiudula ndithu. Mumangoyala tidutswato pamodzi n'kumanga pakati. Kungoti ntchito imachedwa. Pewani juzi za ulusi wopyapyala kwambiri, mungakulunge mpaka kugona, komanso zija zaubweya zomwe zinaphatana pochapa, sizimasuka.

Juzi muichape isanamasulidwe. Ulusi umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi lomasula kumene. Ena amaunyika m'madzi ofunda n'kuupachika ndi kamwala kuti uwongoke. Ine sindiuwongola, timipira ta ulusi wopotana timadzadza bwino kuposa ta wowongoka.

Agogo a ku Chulu
Ana anga, ndawerenga zonse mwakachetechete. Ine ndili ndi nkhawa. Ana athu tinawalera pa mphasa ndi pa chikopa cha mbuzi, m'mawa umangotulutsa panja, kukutumula, kuyanika, basi. Chinthu cha ulusi wothithikana chonchi, fumbi la kuno la September ndi October likalowamo lituluka bwanji? Nanga utitiri, poti nkhuku ndi agalu tili nazo pakhomo? Nanga mwana akakodzerapo usiku? Kukongola ndakuona, koma ndikuopa kuti mukumangira nsikidzi nyumba.

Nabanda (Santhe)
Agogo mwafunsa zenizeni, ndipo sindikutsutsani. Yanga yoyamba ndinaipanga yaikulu, chidutswa chimodzi. Mdzukulu atatayirapo phala ndinaichapa, inalemera moti tinanyamula awiri, ndipo inatenga masiku atatu osauma pakati, mpaka inayamba kafungo ka chinyontho. Kuyambira pamenepo ndimapanga tizigawo ting'onoting'ono, kalikonse ngati masentimita 45 kwa 60, n'kumalumikiza kunsi ndi tizingwe. Kakada kamodzi umamasula komweko n'kuchapa. Loweruka lililonse ndimatulutsa tonse, kukutumula pa chingwe, n'kusiya padzuwa. Amene akudziwa kuti sangakwanitse zimenezi, kuli bwino akhale ndi mphasa monga mwanenera.

Mlangizi wa zaumoyo (Mtunthama)
Agogo anena mawu. Ndiikepo zingapo za kuntchito kwanga. Ngati mwana ali ndi mphumu kapena amatsokomola pafupipafupi usiku, kapeti yamtundu uwu isalowe m'chipinda mwake, imasunga fumbi. Ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, lomwe chilichonse limapititsa kukamwa, dikirani likule, chifukwa ngakhale mfundo ikhale yolimba bwanji kaulusi kena kadzatuluka ndithu, ndipo kangamutsamwitse. Amayi Naphiri, wanu wa zaka 4 alibe mng'ono wake?

China ndi poyanika. Musayanike pa dothi kapena pa udzu. Ntchentche ija imabweretsa mphutsi za pakhungu imakonda kuikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonyowa, makamaka za fungo la mkodzo. Zovala timazisita kuti mazirawo afe, koma kapeti iyi simungaisite. Ndiye ichapidwe bwinobwino ndi sopo, ipachikidwe m'mwamba pa chingwe padzuwa lamphamvu, iume mpaka m'kati.

Naphiri (Kasungu boma)
Ndi chitsiriza alangizi, ndipo mphumu alibe. Agogo, nkhawa yanu ndaimva, ndichita za tizigawo zija. Kukodza pogona anasiya chaka chatha.

Agogo a ku Chulu
Chabwino mwana wanga. Koma mbaula isayandikire. Nyengo yozizira ino anthu amalowetsa mbaula m'nyumba.

Nangozo, telala (Chinkhoma)
Agogo akumbutsa chinthu chachikulu. Ulusi wambiri wapamsikawu, ngakhale timautchula kuti wulu, si ubweya wa nkhosa ayi, ndi akiliriki, m'bale wake wa pulasitiki. Ukagwira moto umayaka msanga n'kumasungunuka, ndipo chosungunukacho chimamatirira pakhungu. Kuti mudziwe ulusi womwe muli nawo, dulani kachidutswa mukayatse panja. Waubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka m'zala. Akiliriki amasiya kanthu kakuda kolimba. Choncho kandulo, koloboyi, mbaula ngakhale koyilo ya udzudzu, zonsezi kutali ndi kapeti. Magetsi akazima m'chipinda cha ana muzilowa tochi basi. Ubwino wa akiliriki ndi woti amauma msanga ndipo safupika pochapa. Waubweya mukauchapa ndi madzi otentha umaphatana.

Mlimi wa ku Chamama
Funso langa, pansi pa simenti yopaka polishi siiterereka? Mwana wathu anagwapo ndi chopondera pakhomo, anatupa chipumi.

Nabanda (Santhe)
Imaterereka bambo, chiguduli pa polishi chimathamanga. Pitani kwa okonza njinga akupatseni chubu chakutha, muchitsuke ndi sopo, mudule timizere n'kusokerera kunsi, m'makona monse ndi pakati. Mphira imagwira simenti. Ndipo pamalo pomwe pazikhala kapetipo musapakepo polishi.

Namwale (Kamwendo, Mchinji)
Amayi Nabanda, tawauzaninso njira ya mpando ija, ine inandipulumutsa.

Nabanda (Santhe)
Eya, ndinaiwala. Gadamitsani mpando kapena kasitulu miyendo iloze kumwamba. Kulungani ulusi kuzungulira miyendo iwiri, maulendo 40 kapena 50, chifukwa mbali ziwirizo mudzazimanga pamodzi zikhale 80 kapena 100. Ndiye mangani mfundo zija motsatana, kusiya masentimita 7 kapena 8 pakati pa mfundo ndi inzake. Mukatha, dulani pakatikati pa mfundo ziwiri zilizonse. Ulendo umodzi mutulutsa timipira 4 kapena 5 malinga ndi kutalikirana kwa miyendo. Pomanga ndi bwino mukhale awiri, wina azikanikiza mfundo ndi chala.

Kumeta ndiye kumene kumapatsa kampira nkhope. Kagubuduzeni m'manja kaye kuti kafutukuke, kenako metani mozungulira ndi sizasi yakuthwa. Sizasi yobuntha imakoka ulusi m'malo modula, n'kufooketsa mfundo yomwe mwavutikira. Koma musataye nthawi kumeta kunsi, kumeneko kukagona pa chiguduli, palibe adzakuone. Metelani pakhonde mutayala chitenje, tinyenyeswa take timauluka n'kulowa m'mphuno. Musatitaye, sungani m'jumbo, timakwana kapilo ka chidole.

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya
Nanga mitundu amayi Naphiri mwaganiza zotani? Kusukulu ndimaona ana a msinkhu umenewo amagwira msanga mitundu ndi kuwerenga akamagwira chinthu ndi manja. Mutamusiya mwanayo asankhe yekha n'kumawerenga timipira pamene mukumanga, phindu likhala pawiri.

Naphiri (Kasungu boma)
Iyeyo wanena kale kuti akufuna yachikasu ngati mpendadzuwa wa kumunda kwa agogo ake. Ndiye ndikuganiza pakati pakhale pofiirira, kuzungulira chikasu, m'mphepete mobiriwira.

Nabanda (Santhe)
Maganizo abwino, ndipo mwachita mwayi kuti sanasankhe yoyera, ndi dothi lathu lofiirali ikanakulizani. Musanamange, yalani timipira tonse pa chigudulipo muone maonekedwe, kenako lembani ndi choko malire a mtundu uliwonse. Yambirani pakati kupita kunja. Nsonga ziwiri zija muzilowetse ndi singano ya matumba m'mabowo osiyana, pakati pawo pakhale tizingwe ta chiguduli titatu kapena tinayi, osati kamodzi, n'kumanga katatu kunsi. Mizere isayang'anizane ndendende, kampira ka mzere wachiwiri kazikhala pampata wa tiwiri ta mzere woyamba, ngati mmene amayalira njerwa. Mukatero mipata siioneka.

Naphiri (Kasungu boma)
Abale ndabweranso patatha masabata atatu. Chigawo choyamba chatha, ndipo chachiwiri chatsala mizere iwiri. Ndinapeza majuzi atatu pakaunjika, achikasu awiri ndi lobiriwira limodzi, wofiirira wokha ndi womwe ndinagula mpukutu. Limodzi lachikasulo linali la ovaloko, ndinachita monga ananenera achemwali Namwale, tidutswa tomwe tinagwira ntchito. Njira ya mpando tikumachita ndi mkulu wakeyo akaweruka kusukulu, iye amakanikiza ine n'kumanga. Timipira tonse takwana 163, kuposa 150 ya aphunzitsi, chifukwa ta ulusi wa juzi tinatuluka tocheperako. Tija 12 toyamba ndinatimasula n'kumanganso ndi ulusi wakusaluni. Lero m'mawa mwana watsika yekha pabedi, waima pachigawo chathacho osavala nsapato, akuti mapazi akumira. Chithunzi ndatumiza pamwambapa.

Funso latsala limodzi. Kunsi mfundo zija zikuoneka zambirimbiri, ndipo ndikuopa kuti zizikhuzika pa simenti mpaka kuduka. Ndiphimbe?

Agogo a ku Chulu
Ndaona chithunzi mwana wanga, manja anu ndi abwino. Mpendadzuwa weniweni. Loweruka musaiwale kukutumula.

Nangozo, telala (Chinkhoma)
Phimbani, koma musasoke mbali zonse zinayi. Tengani chitenje chakale, musoke mbali zitatu, yachinayi muike mabatani kapena tizingwe kuti muzitha kutsegula. Kampira kena kakadzamasuka mudzafuna kufika pa mfundo zake, komanso pochapa madzi ndi mchenga zizituluka. Timizere ta chubu tija tsopano musokerere pa chitenjecho, osati pa chiguduli, chifukwa ndi chomwe chizigunda pansi.

Namwale (Kamwendo, Mchinji)
Ulusi wobiriwira ukakutsalirani musautaye achemwali, pangiranitu timipira 5 kapena 6 tapadera musunge. Mtundu wa juzi ya pakaunjika simudzaupezanso wofanana.

Naphiri (Kasungu boma)
Watsala wokwanira, ndipanga usiku uno. Amayi Nangozo, chitenje chake ndichape kaye ngati chiguduli chija, kapena poti n'chakale palibe vuto?

Nangozo, telala (Chinkhoma)
Chakale chinabwerera kale, ingochapani kuti chiyere basi. Podula musiyeko masentimita 2 mbali iliyonse opindira.